Che Bwanali, Kochi Amene Tinalephera Kuwachotsa

Ku sadaka ya Che Bwanali, atatha masiku awo makumi anayi m'manda, ndinamva mabodza ambiri kuposa amene ndimamva pamsika mwezi wathunthu. Uyu akuti anali munthu wofatsa. Uyo akuti ankamva malangizo a anzawo. Wina anafika ponena kuti mudzi wonse unkawakonda, mpaka ine mpunga unandiima pakhosi. Kuwakonda? Ife? Amene ankanena zimenezo ndi omwe aja ndinkaima nawo m'mbali mwa bwalo, mitsempha itatupa m'khosi, tikukuwa kuti mdalayo atule pansi wezulo. Ndiye poti aliyense wasankha kuwadzoza mafuta, ine ndinena za munthu amene ndinakangana naye zaka zoposa makumi awiri. Ndine Naphiri, ndimayanika usipa kuno ku Senga Bay, ndipo nyimbo zonse zowanyoza ndinkayambitsa ndine.

Che Bwanali anali kochi wa timu yathu ya Mcheni, ngakhale mawu akuti kochi akuchepa. Ndi iwo ankasankha osewera, ndi iwo ankakapempha lole yotitengera ku boma, ndi iwonso ankasoka maukonde a m'magolo ndi zidutswa za khoka lawo lakale. Palibe msonkhano umene unawasankha. Anangobwera kuchokera ku Halale dziko litangolandira ufulu, ali ndi mpira wachikopa ndi wezulo m'sutikesi, nagula khoka, nayamba kuitana anyamata. Pamene ife tinkadzidzimuka kuti timu imafunika komiti, munthu anali atamera kale mizu. Anali aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo mzuli woyera sunkachoka kumutu. Pampira sankakuwa, sankathamanga m'mbali mwa mzere monga amachitira makochi ena. Tikamwetsedwa chigoli ankavula mzuli uja, n'kuyang'ana m'kati mwake, n'kuuvalanso. Zaka zonsezo sindinadziwe chimene ankafunamo, koma zinkandipsetsa mtima kuposa chigolicho.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ndi limene linatidyetsa manyazi. Mu timu ya Mcheni munkasewera munthu wokoka chingwe basi. Usanavale jezi unkayamba watambasula manja, iwo n'kuyendetsa chala chawo chachikulu m'zikhatho zako. Chingwe cha khoka chimasiya chizindikiro chake. Khungu limakhuthala m'munsi mwa zala, ndipo zimenezo sunganamizire. Zikhatho zikakhala zofewa, kaya mpira umakumvera bwanji, ankakuuza mwaulemu kuti ubwere mawa m'mamawa kudooko ukagwire chingwe ndi anzako, za jezi mudzakambirana nyengo ikatha. Aphunzitsi a pa pulayimale anabwezedwa. Mwana wa mchimwene wawo weniweni, atabwera kutchuthi kuchokera ku sekondale, anabwezedwa, mayi ake n'kukhala chaka osawalankhula. Za kumzikiti kapena kutchalitchi sankafunsa. Ankafuna manja okha.

Tsopano taganizani. Chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa mvula itatha, anyamata onse amphamvu ankapita kumeneko, ndipo kumeneko kulibe bwalo, kuli miyala ndi utaka. Chikho cha ku boma chinkalimbiranidwa mu Julaye, pa zikondwerero za dziko, mwera uli pakati. Anyamata athu ankatsika m'ngalawa dzulo lake, nthaka ikuwayendabe kunsi kwa mapazi, mawa n'kukwera lole. Matimu a m'midzi ya kumtunda tinkawagonjetsa ndi mphamvu chabe, chifukwa munthu wozolowera kuthamanga pamchenga satopa msanga. Koma ku fainolo tinkakumana ndi anyamata a pasiteshoni ya sitima, ovala jombo, ogona tulo tokwanira, pabwalo louma gwa la timiyala tolasa. Komanso iwowo ankabwereka. Chaka chilichonse munkaoneka nkhope zachilendo ziwiri kapena zitatu za ku Lilongwe, ati ndi antchito atsopano, chikho chikatha ntchitonso n'kutha. Aliyense ankadziwa, aliyense ankachita. Oyera mtima tinali ife tokha, ndipo chikho sitinachikhudzepo.

Anthu osakonda mpira amati ndi masewera chabe. Iwowo sanakhalepo pamsika wa ku Salima Lolemba lotsatira fainolo, dengu la usipa lili patsogolo. Wogula aliyense ankayamba wafunsa kuti maukonde a ku Senga Bay agwira zigoli zingati chaka chino. Ana a sukulu ankatikuwiza pa depoti. Ine ndinkapsa mtima mpaka kulephera kudya. Sitinkapempha zambiri ayi. Tinkafuna kamodzi kokha tikwere lole ija chikho chili pamwamba, tiyende msewu wonse wochokera ku boma mpaka kunyanja tikuimba, a pasiteshoni amve kuti nafenso ndife anthu.

Zimenezi ndinawauza pamaso, osati kamodzi. Mutu wa mkangano wathu nthawi zambiri unali Selemani, chimnyamata chachitali chimene ankachiika kumbuyo kuti chizitchinga golo. Pachingwe Selemani ankakoka za anthu atatu, koma pabwalo anali wolemera miyendo zedi. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, chala chakuphazi chitakola ulusi, ndipo sindinadikire n'komwe kuti andipatse mpando.

"Che Bwanali, kodi inu manyazi mulibe?"

"Mwadzuka bwanji, a Naphiri?"

"Ndadzuka moipa. Selemani mumamuikiranji kumbuyo kuja? Munthu potembenuka ngati ngolo ya ng'ombe."

"Selemani sathawa munthu."

"Sathawa chifukwa kuthamangako sangathe."

Anaseka pang'ono, osasiya kusoka, n'kuitana akazi awo, Abiti Saidi, kuti andipatse tiyi. Ndi mmene ankachitira. Ukabwera ndi moto, iwo ankakupatsa tiyi, ndipo unkachoka uli ndi moto womwewo komanso ngongole ya ulemu. Akafuna kufotokoza, ankati munthu wobwereka akagonja amakwera basi, madzulo ali kwawo akudya, koma wapamudzi akagonja mawa lake ayenera kudutsa pakati pa amayi pathandala loyanikira usipa, ndiye amasewera ndi mtima wonse. Ankatinso chikho chobwera ndi miyendo ya alendo sangadziwe pochiika, chifukwa m'nyumba mwawo mulibe malo a katundu wa eni. Ine ndinkawauza kuti achibweretse kwanga, malo ndipeza.

Chaka china masapota anzanga anapita kwa sing'anga wa kumtunda, n'kubwera ndi mankhwala oti tiviikemo majezi. Tinaviika mobisa, tinayanika mobisa, koma mphuno ya mdala uja inali ya galu. M'mawa wa fainolo ananunkhiza jezi imodzi, n'kunyamula mtolo wonse kulowa nawo m'nyanja mpaka m'chiuno. Anachapa ndi sopo imodzi imodzi, lole ikuliza hutala pamsewu. Ankati zimenezo ndi haramu, Mulungu anapatsa anyamatawa miyendo ndipo ikakanika yakanika. Anyamata anasewera ndi majezi onyowa mu mwera umenewo, mano akugundana, ndipo tinagonja zitatu kwa duu. Sing'anga uja mpaka lero amati mankhwala ake sanalephere, anachita kuchapidwa.

Koma nkhani imene sinanenedwe ku sadaka, chifukwa ena imawachititsa manyazi ndipo ena akadali ndi mantha, ndi ya chaka cha zigoli zisanu ndi chimodzi.

Sabata ya fainolo, Yotamu, mwini wa tiyirumu ya pamsewu, amene ankakonda Mcheni kuposa mkazi wake, anabwera ndi anyamata awiri a ku Lilongwe. Tinawaona akusewera pamchenga, ife kukamwa yasa. Mmodzi ankauimitsa mpira pachifuwa ngati wauuza kuti ukhale pansi. Tinkati chaka chino Mulungu watikumbukira. Che Bwanali anawagwira zikhatho, anawamwetsa tiyi, n'kuwaperekeza okha mpaka pokwerera basi. Sabata yomweyo kunabweranso anyamata anayi a chipani, aja a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi. Nawonso ankafuna majezi kuti akaoneke pamaso pa akuluakulu tsiku la zikondwerero. Che Bwanali anawabweza chimodzimodzi. Atachoka, ananena pathandala, anthu tili ambiri, kuti kuima pachipata n'kumaopseza agogo ogulitsa tomato sikulimbitsa zikhatho. Tinaseka motsitsa, aliyense akuyang'ana kumbuyo. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva ndi makutu angawa.

Loweruka tinakagonja zisanu ndi chimodzi kwa duu, pamaso pa a Disi ndi akuluakulu onse a chipani atakhala m'shedi. Chigawo chachiwiri masapota a pasiteshoni anasiya n'kutiseka komwe, anayamba kutimvera chisoni, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. Pobwerera mu lole munalibe woimba. Mzimayi wina ankalira mwakachetechete atafunda chitenje. Che Bwanali anakhala kutsogolo ndi dalaivala, khosi lili chilili, ndipo titafika anauza anyamata kuti Lolemba masana akumane pabwalo monga mwa nthawi zonse.

Tinapita kwawo gulu, tinawauza kuti basi, atule. Anatiyankha kuti adzatula tsiku limene adzauzidwe ndi anthu olowa m'kati mwa mzere, osati oima kunja. Tinapita kwa osewera, koma onse ankangoyang'ana pansi. Anali anawaphunzitsa mpira kuyambira ali ndi mamina, angawachotse bwanji? Apa m'pamene Yotamu anachita chimene enafe tinkangochiganiza. Masiku amenewo chilichonse chinkapita ku chipani. Mbuzi ikadya chimanga cha mnzako, ku chipani. Mwamuna akamenya mkazi, ku chipani. Ndiye Yotamu anaona ngati za kochi nazonso n'zomwezo, napita kwa atcheya a dera lathu. Atcheya za zigoli analibe nazo ntchito, ankangoyasamula. Pofuna kuti nkhani yake ilemere, Yotamu anawonjezera mawu a pathandala aja. Sananame ayi. Anangoiwala kuti mawu amene amatiseketsa pathandala akalowa mu ofesi ija amasanduka chinthu china.

Msonkhano unaitanidwa pabwalo lathu lomwelo, masana. Titafika tinapeza galimoto ya ku boma itaima pansi pa mtengo wa mango, amuna awiri achilendo ataitsamira. Aliyense wa msinkhu wanga amadziwa tanthauzo la galimoto yotero. Pamudzi pathu inali itatengapo kale munthu mmodzi, ndipo mkazi wake anadikira mpaka anatopa n'kubwerera kwawo. Ndinayang'ana Yotamu. Milomo yake inali itayera mbee, ndipo ndinadziwa kuti nayenso wangozindikira kumene chimene wachita.

Atcheya analankhula nthawi yaitali. Anati timu yochititsa dera manyazi pa tsiku la dziko yachititsa manyazi boma. Anati pali munthu pakati pathu amene amanyoza anyamata a chipani, ndipo wonyoza anyamata a chipani tonse tikudziwa amene akumunyoza. Kenako anati chipani n'chachifundo. Che Bwanali agwade pamaso pa anthu, apepese, apereke wezulo, ndipo anyamata anayi aja alowe mu timu, nkhani ithere pomwepo.

Ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkawapempha kuti agwade. Anaimirira pang'onopang'ono, n'kutulutsa khadi m'thumba la malaya.

"Atcheya, khadi langa ili. Ndi boma ndilibe nalo mlandu. Wezulo ndi kachitsulo chabe, mukaifuna tengani. Koma jezi ya Mcheni imavalidwa ndi wokoka chingwe. Anyamata anuwa abwere mawa kudooko, ndiwalandira ngati ana anga."

"Mukupepesa kapena ayi?"

"Za zigoli zija ndinapepesa kale kwa eni ake, awa akhala apawa. Zinazo sindikuzidziwa."

Limenelo linali bodza, kwa ife sanapepesepo n'kamodzi komwe. Koma palibe anatsutsa. Mmodzi wa alendo aja ananong'oneza atcheya, ndipo atcheya anati mawu onenedwa pagulu sasowa mboni. Anayendetsa maso, n'kuima pa ine.

"Mayi Naphiri, imirirani. Tonse tikudziwa kuti inu ndi bambo awa simumwerana madzi. Munalipo pathandala. Tauzani anthu zimene ananena."

Mantha ndinali nawo, sindibisa. Koma pansi pa manthawo panali mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unandiimiritsa. Munthuyu ine ndinkafuna achoke pa mpira, osati padziko. Ndiyeno anthu awa, amene sanapsepo nafe ndi dzuwa m'mbali mwa bwalo, amene sanakwerepo lole ija pobwerera, akubwera kudzatilanda mkangano wathu kuti akaugwiritse ntchito zawo? Ayi ndithu. Che Bwanali anali mutu wathu, wotiwawa tokha.

"Atcheya," ndinatero, "ine zimene ndikudziwa ndi izi. Bambo awa amaika Selemani kumbuyo. Pa zigoli zija, zinayi zinadutsa kwa Selemani. Chachiwiri chija munthu anamudutsa, n'kubwerera, n'kumudutsanso."

"Sindikufunsa za Selemani."

"Nanga mukufunsa za chiyani? Ife tabwerera Selemani. Pathandala pamakhala phokoso, ine ndimayang'ana usipa wanga kuti akhwangwala asandithere."

Atcheya asanatsegule pakamwa, mdala wina kumbuyo anakuwa kuti tisamunamizire Selemani, vuto ndi goloboyi amene amagwira mpira ngati ukutentha. Mayi ake a goloboyi anadzambatuka, n'kufunsa kuti mwana wawo agwire zingati yekha pamene akutsogolo akungoyenda ngati ali kumaliro. Akutsogolo nawonso anali ndi amayi awo. Posakhalitsa bwalo lonse linali chilili, aliyense akuloza mnzake, aliyense akufotokoza mmene akanaipangira timu. Ena ankachita dala, ena anangotengeka chifukwa zinali kale kukhosi, ndipo sindingakuuzeni kuti ndani anali ndani. Che Bwanali nawonso anafulatira atcheya n'kuyamba kulimbana ndi ine, chala chili m'mwamba, ati mpira sindiudziwa, ndimangodziwa kuimba. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu.

Atcheya anamenya tebulo mpaka anthu anakhala pansi, n'kuitana Yotamu kuti abwereze zimene ananena ku ofesi. Yotamu anaimirira atagwira chipewa ndi manja awiri. Anati tsiku limenelo anali atapsa mtima, mutu sunkayenda bwino, ndipo chimene akukumbukira n'chakuti anakadandaula za Selemani. Anamuopseza, anamufunsa kawiri katatu, iye osasuntha. Nthawi yonseyi Selemani, mwana wa eni, anali atakhala pansi mutu uli m'mawondo, mudzi wonse ukumunyoza kuti kochi wake apulumuke.

Anawatengabe. Musaganize kuti anthu aja ankabwerera chimanjamanja. Che Bwanali anapereka wezulo kwa atcheya, anauza Abiti Saidi kuti ukonde wa pakhonde aulowetse m'nyumba, n'kukwera galimoto okha, osakankhidwa. Galimoto itanyamuka palibe analira mokweza, chifukwa kulira nakonso kunali mlandu. Tinangobalalika, aliyense njira yake.

Atcheya anapereka wezulo kwa mkulu wa anyamata a malaya ofiira aja. Lolemba anaiimba pabwalo mpaka masaya kuwawa, koma kunabwera mbuzi zokha. Osewera onse anali atapeza ntchito yofulumira ku Mbenji. Ife masapota, amene tinakhala zaka tikulira kochi watsopano, tinamupeza, ndipo palibe anapita kukamuona. Sitinapangane, sitinachite msonkhano, masiku amenewo anthu atatu mukaima pamodzi munkafunsidwa. Tinkangodutsa pabwalo nkhope zili kunyanja. Amayi a pathandala tinkasiya usipa pakhomo pa Abiti Saidi, ndipo Yotamu ankapalasa njinga kupita ku boma ndi chakudya m'kontena. Ngati chinkawafika sitikudziwa.

Popanda mboni mlandu unasowa miyendo, ndiye sanawapititse kutali kuja kumene anthu sankabwerako. Anabwera mwezi utatha ndi masiku, ataonda, mzuli uli wakuda bii, khutu lakumanzere litasiya kumva. Za kumeneko sananenepo kanthu kwa wina aliyense mpaka imfa yawo, ukawafunsa ankangoti Alhamdulillah. Tsiku lotsatira anapita pabwalo, anaika zala ziwiri m'kamwa n'kuimba mluzu, ndipo mawu anafika mpaka ku Mbenji chifukwa sabata isanathe anyamata onse anali atabwera. Atcheya anangoyang'ana kumbali. Ine ndinakumana ndi Che Bwanali panjira ya kudooko.

"A Naphiri," anatero, "zimene munanena pamsonkhano paja, zina zinali zabodza."

"Ziti?"

"Zodutsa kwa Selemani zinali zitatu, osati zinayi."

"Zinali zinayi, Che Bwanali."

"Chachinayi chinali cha goloboyi."

Tinakangana mpaka kudooko. Sanandithokoze, ndipo akanathokoza ndikanakwiya. Chaka chotsatira tinafikanso ku fainolo, Selemani ali pamalo pake pomwe paja, ndipo tinagonja ziwiri kwa chimodzi. Ndinapeka nyimbo yatsopano mu lole, yowawa kuposa zonse zakale, ndipo ndinaiimba ndi mtima woyera.

Chikho sanachitengepo mpaka kufa. Ndipo ndinene poyera, kuti a mafuta aja amve: ine ndimakhulupirirabe kuti akanangobwereka anthu awiri, kamodzi kokha, tikanachikweza pa lole. Anali ouma mutu, anatilanda chisangalalo chimene chinali pafupi, ndipo sindinawakhululukire. Koma m'zaka zimene amuna akuluakulu ankagwada akangoona malaya ofiira, munthu mmodzi wamfupi anakana kugwada chifukwa cha jezi, ndipo anali wa kwathu. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo amene akufuna kunena chimodzi chokha akhale chete.

Che Bwanali anagwa kudooko m'mawa wina nthawi ya dzuwa, khoka lili pafupi kufika kumtunda. Anyamata anasiya chingwe, nsomba zonse n'kubwerera m'madzi. Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, monga mwa mwambo wawo, moti ena a ku Mbenji anapeza zonse zatha. Ife amayi tinatsala pakhomo, tinangoona jeneza lonyamula thupi lawo likukhota pa mtengo wa mango. Wezulo ija, imene atcheya anadzabweza patapita nthawi, osewera anaipereka kwa Selemani, amene tsopano ali ndi imvi ndipo mawondo anamuthera.

Lamlungu lapitali ndinapita kukaonera mpira, koyamba chimwalirireni iwo. Anyamata athu ankasewera ndi timu ya kumtunda. Chibwerereni ku boma kuja Che Bwanali anali atasintha poima. Anasiya kuima kuseri kwa golo, n'kumaima patsogolo pa ife masapota, chammbali, khutu lakumva lija litaloza kwa ife kuti asaphonye chilichonse chimene tikuwanena. Pamalo pamenepo udzu sumera, mchenga unalowa pansi pang'ono ngati mbale. Selemani saimapo, amaima kutsidya. Ana ogulitsa nzimbe amapalambalala popanda wowauza.

Chigawo chachiwiri tinamwetsedwa chigoli chopusa, cha mtundu womwe uja, wakumbuyo atagona tulo ali chilili. Tonse tinatembenukira pamalo paja nthawi imodzi, amuna ndi akazi, pakamwa potsegula, ine dzanja lili kale m'mwamba. Panali mchenga wokha ndi khoko la nzimbe. Tinayang'anizana, wina n'kutsokomola, ndipo mmodzimmodzi tinabweza maso kubwalo. Mpira utatha ndinanyamula dengu langa n'kupita kunyumba ndi mkwiyo wanga wonse, ndilibe womupatsa.